Msana Wanga ndi Tebulo Lozondotsa

Lolemba

Lafika! Tebulo lija lafika.

Walitumiza ndi Yamikani, mwana wanga wa ku Joni, kudzera kwa a thiransipota, ndipo alitsitsira pa Songani m'mawa uno. Katoni yake kutalika ngati chitseko. Wakabaza woyamba wangoiyang'ana n'kupalasa kumapita. Wachiwiri wavula chipewa n'kufunsa kuti watisiya ndani. Mapeto ake yabwera pa wilibala, anthu akusuzumira m'mipanda njira yonse.

Si tebulo lodyerapo. Ndi kabedi kachitsulo kopapatiza, kolenjekeka pakati pa miyendo iwiri ngati sikelo. Umagonapo chagada, umamanga akakolo, kenako limapendekeka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Yamikani akuti mafupa a msana amene apanikizana amatalikirana, mtsempha wopanidwa uja n'kupuma. Akuti abwana ake analeka kudandaula msana chifukwa cha tebulo ngati lomweli.

Ine msanawu unayamba kale, ndili pa mpando wotayipira ku ofesi ya kukoleji, zaka zonse zija chowerama pa makina. Koma unkangong'ung'udza. Kukuwa unayamba atadwala amuna anga, bambo a Yami.

Sitiroko inawagwira chaka chatha nthawi yokolola. Mbali yonse ya kumanja inafa. Munthu amene ankayendetsa mwambo pa ukwati uliwonse kuno kwa Malemia, wosatha mawu, woti akagwira chimkuzamawu mpaka mpunga kuzizira m'mbale, anatsala ndi liwu limodzi lokha: "Chabwino." Phala latentha, chabwino. Akufuna botolo lokodzera, chabwino. Akwiya, chabwino, maso ali psuu. Ine ndimamva kusiyana kwake. Ena samva.

Ndimawadzutsa, kuwakhazika pa chikuku, njinga yawo yokankha ija, kuwasambitsa, kuwabwezera pabedi. Ndekha. Wina akawagwira amauma thupi ngati mtengo. Manyazi.

Sabata yatha msana unangoti thyo ndili nawo m'manja, pakati pa bedi ndi chikuku. Tonse pansi. Chipumi chawo chinatupa, ndipo nkhani inayenda mpaka kwawo ku Phalombe. Dzulo alamu anga a Estere, alongo awo aakulu, aimba foni: "Mlamu, Loweruka tikubwera kudzamutenga mlongo wathu. Kuno kuli amuna amphamvu oti azimunyamula."

Loweruka!

Ndiye pulani nayi:
1. Tebulo limangidwe lero.
2. Kuzondoka m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa.
3. Pofika Lachisanu msana ukhale ngati wa namwali.
4. Loweruka ndiwanyamule bambo a Yami alamu akuona, ndiwakhazike pa chikuku, ndimwetulire.
5. Alamu amwe tiyi, abwerere okha.

Omanga ndi a Jafali, owotcherera zitsulo pa Songani. Abwera ndi masipanala m'jumbo. Kabuku ka malangizo akayang'ana kamodzi kenako akakhalira, poti simenti ikuzizira. Amanga, amasula, amanganso. Pomaliza kwatsala lamba wakuda ndi mabawuti awiri. "Zimenezi ndi za basela, mayi. Azungu amaika zambiri dala." Lambayo ndamangira chitseko cha khola la nkhuku, chimene chakhala chikundivuta.

Laima pabalaza, pakati pa kabati ndi zenera. Bambo a Yami aliyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Chabwino."

Ndi chabwino wa kukayika uja. Ndachita ngati sindinamve.

Lachiwiri

Vuto loyamba: chitenje. Palibe amene anaganiza za chitenje, ngakhale Yamikani, ngakhale abwana ake. Munthu ukazondoka, nsalu nayo imazondoka.

Chibadwire sindinavalepo thalauza. Ndatsegula sutikesi, ndatulutsa la bambo a Yami, la suti yotuwa imene ankavala ku maukwati. M'thumba mwake mudakali kampango kopukutira thukuta, kopindidwa bwinobwino. Ndakhala kaye pabedi nalo m'manja. Kenako ndavala. M'chiuno silikukumana, ndamanga ndi chingwe.

Bambo a Yami ndawakankhira pabalaza kuti aonerere. Makatani ndatseka. Chitseko ndaiwala kukhoma, ndipo ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha kuiwalako.

Ndakwera. Akakolo ndamanga. Ndakweza dzanja limodzi monga ananenera Yamikani, kuti lizipendekeka pang'onopang'ono.

Pang'onopang'ono wa kuti! Langoti tembenu!

Zomwe zagwa:
magalasi
duku
foni, imene inali m'kamisolo
phala la m'mawa, lomwe latsala pang'ono kubwerera kumene linalowera

Zomwe ndaona:
fumbi la pansi pa kabati, lochititsa manyazi
sipuni imene ndakhala ndikuganizira alendo
nkhope ya bambo a Yami

Mlomo wawo uja unagwera pansi mbali imodzi, ukauona chozondoka umaoneka ngati wakwera. Ngati akumwetulira. Ndimati ndi maso angawa, poti magalasi ali pansi. Kenako ndamva. Akuseka! Phwete lenileni, phewa likugwedezeka, malovu akutsika, chikuku chikulira. Chidwalireni sindinamvepo.

Ndikuseka nawo chozondoka, misozi ikutsikira ku chipumi m'malo mwa kumasaya.

Kenako ndafuna kubwerera. Tebulo likukana. Ndikupalasa manja ngati nkhuku yogwidwa miyendo popita nayo kumsika. Makutu akulira. Mutu ukudzaza, maso akufuna kutuluka. Bambo a Yami aleka kuseka. "Chabwino! Chabwino!" Wa mantha ameneyo. Akumenya chikuku ndi dzanja lawo lamoyo, akumenya, akumenya.

Amva ndi mayi Kalinde a nyumba yoyandikana nafe. Alowa, aona miyendo ya thalauza m'mwamba ndi mutu wa imvi pansi, atuluka liwiro akuitana Yesu. Abwerera atamva ndikuwatchula dzina. Akankha ndi mphamvu zawo zonse, dziko labwerera m'malo mwake. Andiyang'ana, ayang'ana thalauza, ayang'ana makatani otseka.

"Mayi a Yami, masanasana ano?"

Mawu awo ndi okhawo.

Koma nazi zodabwitsa. Ndatsika, chizungulire chatha, ndamvetsera: msana uli zii. Moto uja umatsikira ku mwendo wa kumanzere, palibe! Ndawerama kutola duku osagwira bondo. Ndatola ndi sipuni yomwe. Masana ndawabwezera pabedi bambo a Yami ndikung'ung'uza nyimbo ya kwaya. Alamu akanafika nthawi imeneyo!

Dzuwa litapendeka ululu wabwerera, mwakachetechete, ngati mlendo wodziwa pomwe timabisa kiyi. Palibe kanthu. Ndi poyamba.

Lachitatu

Yamikani pa vidiyo: "Amayi, tandionetsani bwino. Lamba ali kuti?"

Ku khola la nkhuku.

Wagwira mutu ndi manja onse. Lambayo akuti ndi amene amaletsa tebulo kutembenuka lonse. Woyamba kumene amangofunika kupendekeka pang'ono. Palinso chitsulo cha manambala choti chifanane ndi msinkhu wa munthu. A Jafali anachisiya pa msinkhu wa kamwana, ine wamtali chonchi. Za mabawuti awiri aja sindinamuuze. Mwana ali kutali, asamagwire mutu kawiri tsiku limodzi.

Lamba wabwerera pa ntchito yake. Nkhuku zalowa m'dimba la mayi Kalinde, zatha mpiru.

M'mawa: kupendekeka pang'ono chabe. Bwino ndithu. Msana zii mpaka nthawi yowasambitsa. Nditangowakweza, wayambiranso pomwe unalekezera. Bambo a Yami sanaseke lero. Aonerera mwachidwi, adikira, palibe chagwa. Kupendekeka pang'ono sikuseketsa.

Nkhani yafika kale pa mjigo, ku chigayo, mpaka ku Naisi. Ili m'mitundu itatu:
kuti ndimagona chozondoka ngati mleme
kuti mwana wanga wanditumizira ndege ya usiku kuchokera ku Joni
kuti amuna anga anadwala chifukwa cha zomwezi

Ziwiri zoyambazo ndaseka. Yachitatuyi yandilowa kuposa msana.

Masana amayi a kumpingo abwera, m'yunifolomu, tsiku losakhala lawo. Akhala pa mkeka atalifulatira tebulo. Nyimbo, kenako pemphero lalitali lonena za zida za mdima zimene zimalowa m'nyumba za okhulupirira. Bambo a Yami avomereza ndi chabwino wa kukwiya. Amayiwo ayesa ndi ameni. Ndatulutsa kabuku kaja, ndawaonetsa chithunzi cha mzungu wozondoka, mano onse pamtunda. Kayenda dzanja ndi dzanja. Ena akazondotsa kuti amuone bwino nkhope.

Potuluka amayi a tcheya atsalira m'mbuyo ngati akufuna nsapato. Anong'ona: "Kodi kwa ife a m'chiuno limathandizanso?"

Chakumadzulo pakhonde pali anthu. Agogo ena olima mpunga kudambo, mayi wosenza makala kuchokera kuphiri, aphunzitsi opuma ntchito. Aliyense dzanja kumsana. Sindinkadziwa kuti chigwa chonse cha Domasi chikuwawa malo amodzi. Ndawauza kuti pano si pa chipatala, ine ndemwe ndikuphunzira kumene. Wamakala uja wati, "Ingotilolani tilione." Alowa mmodzimmodzi, aliona, apukusa mitu, atsika pakhonde cham'mbali monga timatsikira ife a misana.

Madzulo ndapendekekanso. Akakolo atupa, ali ndi mikwingwirima. Mutu ukugunda cha kunkhongo. M'diso la kumanja muli kadontho kofiira.

Uthenga wa alamu: galimoto apeza kale.

Lachinayi

Tsiku lokatenga mankhwala a bambo a Yami ku chipatala chathu chaching'ono. Mayi Kalinde avomera kuwakhalira, koma ati akhala pakhonde, pabalaza ayi. Za mpiru sanatchule, zomwe zikuwawa kuposa kutchula.

Ndapendekeka kaye ndisananyamuke. Potsika, nyenyezi m'maso dzuwa lili phwee.

Namwino wa lero ndi wa msinkhu wa Yamikani. Wayang'ana diso langa asanayang'ane buku la odwala. "Mayi, tabweretsani mkono." Ndati odwala si ine. Wamanga choyezera bipi, chafufuma, chafinya. Wayezanso mkono winawo. Wasiya kutafuna chingamu.

Ndamufotokozera za tebulo, monyadira pang'ono, poti ndimati ayamikira kuti kwathu kuno kwafika zamakono. Wati munthu wa bipi yokwera ngati yanga sayenera kuika mutu pansi, magazi amakhamukira kumutu ndi m'maso. Wati ngakhale amene limawayanja, nthawi zambiri limangowapumitsa ululu kwa kanthawi. Kenako wati, "Mukufuna nyumba imodzi ikhale ndi a sitiroko awiri? Azinyamula mnzake ndani?"

Ndimaona chithunzi chake: zikuku ziwiri pakhonde, wina akuti chabwino, winayo kaya liwu langa lingatsale liti. Mwina "msana".

Ndatuluka ndi mankhwala a anthu awiri, ndi malamulo awa:
tebulo ayi
mchere ayi
nkhawa ayi
kunyamula zolemera ayi

Ndamufunsa ngati mwamuna ali m'gulu la zolemera. Waseka. Kenako waona kuti ine sindikuseka, wayamba kukonzakonza mapepala.

Pobwerera kabaza. Dzenje lililonse la mumsewu likulowa m'fupa. Phiri la Malosa lili chiimire, lowongoka bwinobwino, ngati likunditonza.

Yamikani waimba ali pa ntchito, makina akulira kumbuyo kwake: "Zikuyenda, amayi?" Ndati zikuyenda. Mwana anadzimana kuti chinthu chimenechi chifike kuno, anachisenza yekha kupita nacho kokwezera katundu. Ndimuuze bwanji?

Ndawauza bambo a Yami powadyetsa. Iwo ndimawauza zonse, kuyambira kale, ngakhale masiku aja kunali kovuta kupeza mpata wolowetsa liwu. Atafuna nthawi yaitali. Ayang'ana tebulo, ayang'ana diso langa, apukusa mutu mwamphamvu mpaka mpunga kugwa. Kupukusa mutu amatha akafuna.

Ndiye tebulo latha. Laima apo, lonyezimira, miyendo tang'a.

Alamu atumizanso uthenga: ndichapiretu zofunda.

Sindichapa.

Lachisanu

Pulani yatsopano, yopanda tebulo:
1. Kuthowa ndi madzi otentha.
2. Kudzola mankhwala oyabwa aja a m'kabotolo.
3. Kumanga chitenje m'chiuno molimba, mkati mwa diresi, alamu asaone.
4. Kuyeserera kunyamula: mawondo opinda, msana wowongoka, nkhope yosekerera.

Kuyeserera pa munthu ayi, chipumi chawo changophwa kumene. Matumba a chimanga timasunga kuchipinda kuopa akuba, ndiye ndasankha losadzaza. Ndaliimika pafupi ndi chikuku, ndalikumbatira, ndati, "Tiyeni, bambo." Eni ake ali pabedi akuonerera.

Koyamba zatheka. Ndalitsitsa, ndayesanso, zathekanso, ndi kumwetulira komwe. Ndikanalekera pomwepo.

Thyo!

Ndili pansi. Thumba lamasuka, chimanga mbwee chipinda chonse. Mwendo wa kumanzere ngati authira madzi owira. Kutembenuka sindingathe, kukhosomola sindingathe. Foni ili pabalaza, pamwamba pa tebulo lija. Ntchito imene lapeza ndi imeneyo. Ndakuwa mayi Kalinde, ndakuwanso, kenako ndakumbukira kuti apita ku maliro ku Naisi.

Bambo a Yami pamwamba, ine pansi. Nyumba ya anthu awiri, woyenda palibe. Nkhuku zalowa, zikujompha chimanga pafupi ndi khutu langa. Tambala wakwera pa chikuku. Ngakhale kuziingitsa sindingathe.

Ndiye tangogona. Dzuwa likuyenda pakhoma. Ndayamba kulankhula, nanga n'kutaninso.

Ndawakumbutsa tsiku lija anandibereka powoloka Domasi madzi atadzaza, ndili ndi pakati pa Yamikani, nsapato zanga atazikoleka m'khosi, akulankhula kuyambira tsidya lino mpaka tsidya lija kuti ndisayang'ane madzi. Ndawakumbutsa ukwati uja anaitana mkwatibwi ndi dzina la chibwenzi chakale cha mkwati, holo yonse zii, iwo n'kuyambitsa nyimbo. Ndamva bedi likugwedezeka pang'ono.

Kenako ndawauza kuti ndikuopa. Kuti ku Phalombe sadziwa zoti phala amalifuna litazizira pang'ono. Sadziwa zoti mkono wakufawo umafuna pilo pansi pake, apo ayi phewa limatupa. Sadziwa zoti wailesi ikamaulutsa maukwati ndiyenera kuizimitsa. Ndipo ine sindidziwa kuti m'mawa munthu amatani ngati palibe womudzutsa.

Ndili mkati molankhula, ndamva fungo. Nthawi ya botolo inadutsa kalekale, ndipo sanandiitane, podziwa kuti sindingadzuke. Akupuma mwa njira ija amapumira akachita manyazi. Ndati palibe kanthu, bambo, ndi madzi chabe.

Dzanja lawo lamoyo latsika m'mphepete mwa bedi, likufufuza m'malere, lapeza mutu wanga. Lakhala pomwepo. Sananene chabwino.

Mayi Kalinde atipeza dzuwa litapendeka. Ulendo uno sanakuwe. Aingitsa nkhuku, aitana amuna awo. Amuna awowo ndi amene awasintha bambo a Yami, eni ake nkhope ili kukhoma. Ine andikokera pa mkeka, andithowa. Posesa chimanga, osandiyang'ana, mayi Kalinde ati, "Mayi a Yami, inunso ndinu munthu."

Zofunda atenga, akachapa kwawo.

Mawa Loweruka.

Loweruka

Ndadzuka ndi mpini wa khasu m'malo mwa ndodo. Ndikuyenda ngati chizindikiro cha funso. Tebulo ndaliphimba ndi nsalu ya pabedi. Tsopano likuoneka ngati munthu wamtali wabisala pabalaza.

Afika ndi galimoto ya hayala: alamu, ndi ana awo aamuna awiri, zimphona, abambo a mabanja awo. Matiresi ali kale kumbuyo.

Ndimayembekezera nkhondo. Mawu ndinanola kale, ndinawayala bwinobwino: munali kuti chaka chonsechi, ndi ena otero. Alamu atsika cham'mbali, dzanja kumsana. Nawonso! Alowa, akoleka chikwama chawo pa tebulo osafunsa kuti n'chiyani. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mpini.

"Mlamu, mwatha chonchi?"

Ndipo ayamba kulira. Mawu anga akuthwa aja ndasowa powalasa.

Ndayesabe. Ndati ndi za lero lokha, ndinagona molakwika. Ndati mwana anatumiza chithandizo. Mmodzi wa zimphona zija wavundukula nsalu, wazungulira, wafunsa ngati ndi zopangira majowajowa. Tiyi wapanga ndi winayo, poti ine ketulo sindingakweze.

Alamu ati sakundilanda mwamuna. Ati ndachita zoposa mphamvu zanga, ndipo ku Phalombe aliyense akudziwa. Ati ndikachira ndiwatsatire, pogona palipo, koma lero msewu umenewo sungandilole, ngakhale kukhala tsonga pampando ndikulephera. Zonse zoona. Akananena bodza limodzi lokha, ndikanapeza pogwira.

Kenako ati, "Timufunse mwini wake."

Apukusa mutu, ndikudziwa. Kapena anena chabwino wa kukwiya uja, ine n'kumasulira.

Alamu agwada movutikira patsogolo pa chikuku. "Achimwene, tipite kumudzi?"

Sanayang'ane alongo awo. Ayang'ana ine. Ayang'ana mpini, ayang'ana mfundo ya chitenje imene yatumbuka pansi pa diresi. Mutu sanapukuse.

"Chabwino."

Ndatchera khutu. Si wa kukwiya. Si wa mantha, si wa kukayika, si wa botolo. Ndi wakale uja, wa asanadwale, amene ankanena nkhani ikakambidwa n'kutha, akumenya bondo n'kudzuka. Chabwino weniweni.

Onse atembenukira kwa ine kuti ndimasulire. Ndikanatha kunena chilichonse, palibe akanadziwa kupatula iwo.

Ndati, "Avomera."

Zolongedza:
mankhwala, a madzulo ndamanga ndi ulusi wofiira kuti asasokoneze
matewera ndi pepala la pulasitiki
kapu yawo ya kamlomo
pilo wa mkono
wailesi
suti yotuwa, thalauza lake latanuka m'chiuno, akafunsa sindikudziwa

Ndayesa kuwaphunzitsa alamu machabwino onse. Ine kutchula, iwo kubwereza, ngati ana a sukulu. Pakamwa pawo onse akumveka chimodzimodzi. Ati azolowera.

Chimphona chachikulu chija chawanyamula ngati mtolo wa udzu, osapumira m'mwamba n'komwe. Sanaume thupi. Angodzipereka, mutu pa phewa la mwana wa mlongo wawo. Ine chaka chonse ndimati ndi olemera.

Chikuku achimangirira padenga la galimoto, mateyala m'mwamba, chozondoka. Ndimafuna ndiwauze kuti tiseke. Ndawerama pazenera mmene msana walolera. Anali atatsinzina, nsagwada italimba. Ndawakonza kolala.

Fumbi. Mayi Kalinde andigwira mkono kubwerera m'nyumba.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Belu ndalimva.

Ndadzuka nthawi ya masiku onse. Ndatereka madzi osamba a anthu awiri. Ndaphika phala, ndaliika pazenera kuti lizizire pang'ono. Ndakumbukira litazizira kale. Ndadya ndekha choimirira, lopanda mchere.

Alamu aimba: anafika bwino, agona, adya. Foni awaikira bambo a Yami pakhutu. Ndalankhula za nkhuku, za mitambo imene yayamba kusonkhana kuphiri, za mpiru wa mayi Kalinde umene ukuphukiranso. Ndamva kupuma kokha. Kumbuyo kwawo ana akusewera, mbuzi ikulira, wina akusinja. Kuli anthu ambiri kumeneko. Kenako netiweki yaduka.

Yamikani ndamuuza zonse, ndi za bipi zomwe. Kenako wati, "Pepani, amayi." Ndati wapepesa chiyani, tebulo lako ndi labwino, linawaseketsa bambo ako. Sanamvetse, ndipo sindinafotokoze.

Amayi a tcheya atumiza mawu potuluka m'tchalitchi kuti ngati sindikuligwiritsa ntchito, iwo alipo. Ndati akayezetse kaye bipi. Pakali pano ndayanikapo matawulo. Limayanika bwino. Pa ntchito imeneyi ndilibe nalo chifukwa.

Nyumba yakula. Bedi lakula. Mbali yawo ya matiresi ili ndi dzenje, sindinaliwongole.

Zochita mawa:

Palibe chimene chikubwera.

Lero sindinadzutse munthu, sindinasambitse munthu, sindinanyamule munthu. Chakumadzulo ndangopezeka ndili pakhonde, manja onse ali lende, mpini nditauiwala kukhitchini. Ndaima. Ndamvetsera. Ululu ulipo, koma watsika. Mwendo sukuyaka. Ndapuma mpweya wonse mpaka pansi, osabayidwa.

Wayamba kupeza bwino. Lero. Msana wopanda manyazi!

Ndabwerera kukhitchini kukatenga mpini uja. Ndikuyenda nawobe, chowerama. Asadziwe munthu.